Gervas Huxley: Adamanga mbiri ya tiyi, koma othyola adatsala kunja kwa chithunzi

Nyengo ya mvula ikafika, anthu a m'midzi ya ku Goliati ndi madera ena a m'boma la Thyolo amalawirira m'mamawa kupita m'maesiteti, dengu lili kumsana, kukathyola nsonga za tiyi. Tiyiyo akauma m'fakitale amapita ku okushoni ya ku Limbe kapena kwa ogula akunja, ndipo pomwe azifika m'kapu ya munthu wa ku London amakhala atavala dzina la kampani ina, chithunzi chokopa maso ndiponso mbiri yosulidwa ndi akatswiri.

Ntchito yosula mbiri yotereyi ili ndi makolo ake. Mmodzi wa iwo ndi Gervas Huxley, Mngelezi amene adamwalira mu 1971. Iye sadali mlimi, sadalinso mwini esiteti, koma kwa zaka zambiri ndiye adali pakamwa pa alimi a tiyi a m'mayiko a atsamunda. Moyo wake ukuonetsa momwe ntchito ya aneneri a makampani idayambira, zimene idakwanitsa, ndi anthu amene idawaiwala.

Mwana wa banja la ophunzira

Huxley adabadwa mu 1894 m'banja lomwe dzina lake linkamveka kale ku Mangalande konse. Agogo ake, Thomas Henry Huxley, adali katswiri wa sayansi amene adatchuka poikira kumbuyo maganizo a Charles Darwin. Bambo ake, Henry Huxley, adali dokotala mumzinda wa London. Ana a abambo ake aakulu adali Julian Huxley, katswiri wa zamoyo amene adadzakhala mkulu woyamba wa bungwe la Unesco, ndi Aldous Huxley, mlembi wa mabuku wodziwika padziko lonse. Gervas ndi Aldous adabadwa chaka chimodzi ndipo adakulira limodzi.

Adaphunzira kusukulu ya Rugby ndi kukoleji ya Balliol ku Oxford, koma nkhondo yoyamba ya dziko lonse, yomwe idabuka mu 1914, idamudukiza maphunziro. Adakamenya nawo nkhondoyo ngati msilikali wa Britain ndipo adapulumuka. Atabwerako adagwirapo ntchito kukampani ya sitima zapamadzi ku Liverpool, komwe adaona ndi maso ake momwe katundu wa m'mayiko akutali ankafikira m'masitolo a ku Britain.

Sukulu yake yeniyeni

Mu 1926 boma la Britain lidakhazikitsa bungwe lotchedwa Empire Marketing Board. Panthawiyo mayiko olamulidwa ndi Britain ankafuna kuti katundu wawo azikonderedwa pamisonkho, koma andale a ku London ankaopa kukweza mitengo ya chakudya chifukwa ovota akadawakana. Choncho adasankha njira ina: mmalo mokakamiza ogula ndi msonkho, adaganiza zowanyengerera ndi mawu kuti azisankha okha zipatso, fodya, khofi ndi tiyi wa m'mayiko a mu ufumu wawo. Bungweli lidalonjezedwa ndalama zokwana mapaundi 1 miliyoni pachaka.

Mlembi wa bungweli adali Stephen Tallents, ndipo Huxley adalowa m'nthambi yofalitsa nkhani pansi pa iyeyu. Apa ndi pomwe adaphunzira luso lomwe panthawiyo lidalibe ngakhale dzina lokhazikika. Bungweli silinkagulitsa katundu wa kampani iliyonse. Linkagulitsa ganizo. Lidalemba ntchito akatswiri ojambula kuti akonze zithunzi zikuluzikulu zopachika m'misewu, lidatumiza mabuku ndi mapu m'masukulu, lidakonza zionetsero m'matauni, lidalankhula pawailesi, mpaka lidafalitsa kaphikidwe ka chakudya cha pa Khrisimasi chomwe zosakaniza zake zonse zidali zochokera m'mayiko a mu ufumuwo. Fodya wa ku Nyasaland naye adaoneka pazithunzi zimenezo. M'bungwe lomweli John Grierson adayambitsa nthambi ya kanema woonetsa moyo weniweni wa anthu, yomwe idasintha kapangidwe ka mafilimu ku Britain.

Phunziro limene Huxley adatola apa lidali lakuti kutsatsa malonda ndi kusamala mbiri ndi zinthu ziwiri zosiyana. Wotsatsa malonda amagula tsamba m'nyuzipepala nkulengeza mtengo. Wosamala mbiri amapita kwa mphunzitsi, kwa dokotala, kwa mtolankhani ndi kwa mayi wapanyumba, nkuwapatsa chifukwa chokondera chinthucho asadafike nkomwe pasitolo. Tallents adadzakhala mtsogoleri woyamba wa bungwe la akatswiri a ntchitoyi ku Britain, Institute of Public Relations, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1948.

Ku ofesi komweko Huxley adakumana ndi Elspeth Grant, mtsikana wokulira m'munda wa khofi ku Kenya amene ankalemba nkhani zotumiza kwa atolankhani. Awiriwa adakwatirana mu 1931. Elspeth Huxley adadzatchuka kuposa mwamuna wake chifukwa cha mabuku ake onena za Kenya, makamaka The Flame Trees of Thika lomwe lidatuluka mu 1959.

Tiyi atasowa womumwa

Chuma cha dziko lonse chitagwa mu 1929, mtengo wa tiyi nawo udalowa pansi. Minda idali itachuluka, tiyi adadzaza m'nyumba zosungiramo katundu ku London, ndipo makampani ambiri ankagulitsa moluza. Mu 1933 alimi a ku India, Ceylon (lero Sri Lanka) ndi zilumba za Indonesia zomwe zinkalamulidwa ndi Adatchi adasainirana pangano lochepetsa tiyi wotumiza kunja. M'chaka choyamba dziko lililonse lidaloledwa kutumiza magawo 85 okha pa 100 alionse a muyezo wake.

Pangano limeneli lidafika mpaka kuno. Tiyi adali atayamba kulimidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, kenaka adafalikira ku Thyolo, ndipo pofika m'ma 1930 alimi achizungu ambiri amene adalephera pa fodya adali atatembenukira ku tiyi. Mu 1934 Nyasaland, pamodzi ndi Kenya, Uganda ndi Tanganyika, adalowa m'panganolo povomera malire pa kukuza minda. Popeza mitengo idakwera chifukwa cha kudziletsa kwa mayiko akuluakulu a ku Asia, maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje adapindula, ndipo tiyi adasanduka msana wa chuma cha atsamunda m'chigawo cha kummwera.

Komabe kuchepetsa tiyi pamsika idali theka chabe la mankhwala. Theka linalo lidali kuchulukitsa omumwa. Empire Marketing Board itatsekedwa mu 1933, alimi a ku Ceylon adatenga Huxley kuti atsogolere ntchito yawo yofalitsa mbiri ya tiyi. Mu 1935 mayiko atatu aja adaphatikiza mphamvu nkukhazikitsa bungwe la International Tea Market Expansion Board, ndipo Huxley ndiye adapatsidwa udindo woliyendetsa. Ndalama zake zinkachokera ku kamsonkho kodulidwa pa tiyi aliyense wotumizidwa kunja.

Maganizo ake adali osavuta kumva koma achilendo panthawiyo. Iye ankakhulupirira kuti makampani opikisana ayenera kuyamba agwirizana zotamanda tiyi yemweyo, osatchula dzina la kampani kapena dziko, chifukwa mdani wawo weniweni adali khofi, mowa ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Ngati anthu omwa tiyi achuluka, aliyense apeza gawo lake. Nchifukwa chake ngakhale alimi a ku Thyolo, amene tiyi wawo ankangosakanizidwa ndi wa kwina popanda dzina la Nyasaland kuoneka papaketi, adadya nawo zipatso za ntchitoyi.

Kanema, mafakitale ndi migodi

Chimodzi mwa zinthu zoyamba zimene bungwe la alimi a ku Ceylon lidalipirira m'nthawi ya Huxley ndi filimu yotchedwa Song of Ceylon ya mu 1934, yojambulidwa ndi Basil Wright. Filimuyi siikakamiza munthu kugula chilichonse. Imaonetsa akachisi, asodzi, ovina ndi mapiri a chilumbacho, ndipo tiyi amangooneka modutsa. Idalandira mphotho pachikondwerero cha mafilimu ku Brussels mu 1935, ndipo mpaka lero imaphunzitsidwa m'masukulu a kanema. Huxley adazindikira kuti munthu akakonda dziko, amakondanso chimene dzikolo limalima.

Ku Britain bungwe lake lidapanga kachithunzi ka tipoti yokhala ndi nkhope ya munthu, yotchedwa Mr T. Pott, komwe kankaoneka m'nyuzipepala ndi pazikwangwani. Lidayenderanso eni mafakitale ndi maofesi kukawauza kuti wantchito akapuma pang'ono nkumwa tiyi amabwerera pantchito ali ndi mphamvu. Mwambo wopumira tiyi wa 10 koloko, umene maofesi a ku Blantyre ndi Lilongwe amausunga mpaka lero, udalimbikitsidwa kwambiri ndi makampeni amtundu umenewu.

Huxley adayenda m'mayiko ambiri kukatsegula maofesi, ndipo South Africa adali umodzi mwa misika imene adaiikira mtima. Kumeneko bungwe lake lidayamba kuona anthu akuda ngati ogula. Magalimoto ankazungulira m'makomboni ndi m'midzi kuonetsa kanema, kuphunzitsa kafulidwe ka tiyi ndi kugawa makapu aulere. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kudatuluka filimu yotchedwa Mr Tea and Mr Skokiaan, yomwe inkayerekeza munthu wakumwa tiyi, waukhondo ndi wodalirika pantchito, ndi mnzake wakumwa mowa wozembetsa amene moyo wake umathera m'mavuto. Zaka zimenezo amuna ambiri a ku Nyasaland ankagwira ntchito ku Joni, choncho uthenga umenewu sudali kutali ndi makutu a makolo athu.

Apa ndi pomwe pakuonekera mbali ina ya luso la Huxley. Munthu wakuda ankalankhulidwa ngati wogula, koma molangizidwa ngati mwana, ndipo tiyi ankaperekedwa kwa iye ngati chizindikiro cha chitukuko cha Azungu. Palibe amene ankafunsa maganizo ake.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba mu 1939, okushoni ya tiyi ya ku London idatsekedwa ndipo boma la Britain lidayamba kugula lokha tiyi kuchokera kwa alimi, kuphatikizapo a kuno. Kuyambira mu 1940 mpaka 1952 munthu aliyense ku Britain ankagula tiyi mwa muyezo woikidwa ndi boma. Panalibenso chifukwa chonyengerera ogula, koma bungwe la Huxley silidagone. Lidathandiza kukonza magalimoto operekera tiyi kwa asilikali ndi kwa anthu amene nyumba zawo zidaphulitsidwa ndi mabomba, motero tiyi adasanduka chizindikiro cha kupirira kwa mtundu wonse. Huxley mwiniwake adagwira ntchito mu unduna wofalitsa nkhani wa Britain, m'nthambi yoona za mayiko a mu ufumuwo. Luso logulitsira tiyi lidagwiritsidwa ntchito pogulitsa utsamunda weniweniwo.

Amene sadaoneke pachithunzi

Pamene anthu a ku London ankaona zithunzi za minda yobiriwira ndi othyola tiyi akumwetulira, moyo wa ku Thyolo udali wina. Ambiri mwa ogwira ntchito m'maesiteti adali Alhomwe amene adathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Pofuna pokhala, adalandiridwa pamalo a Azungu pansi pa lamulo la thangata, lomwe linkawakakamiza kugwira ntchito pa esiteti mmalo mwa lendi. Malipiro adali mashiling'i ochepa pamwezi, ana ankagwira nawo ntchito, ndipo banja lokana thangata linkatha kuthamangitsidwa. Midzi yozungulira idapanikizana pamalo ochepa pomwe maesiteti adali ndi nthaka yambiri yongogona. Mu 1946 boma la atsamunda lidatuma Sir Sidney Abrahams kudzafufuza nkhani ya malo, ndipo iye adapeza kuti thangata ndiye adali muzu wa chidani pakati pa eni maesiteti ndi anthu.

Makampani a tiyi adali ndi akatswiri olankhula ndi mayi wa ku Manchester ndi mgodi wa ku Johannesburg, koma amene ankalankhula ndi mudzi woyandikana ndi esiteti adali kapitawo ndi mlonda. Mtengo wa kusalankhulana kumeneku udaoneka mu Ogasiti 1953. Pa esiteti ya Mangunda, kufupi ndi Luchenza, eni malo adagwira anthu amene ankawaganizira kuti akuba malalanje. Mphekesera idawanda yakuti ogwidwawo aphedwa, ndipo idakumana ndi mantha akale a chifwamba, chikhulupiriro chakuti Azungu ena amagwira anthu nkuwadya. Khamu lidasonkhana, ntchito idaima m'maesiteti, misewu idatsekedwa ndi mitengo, ndipo chipolowe chidafalikira m'maboma ena a kummwera. Pomwe zinkatha, anthu 11 adali ataphedwa ndi achitetezo.

Malalanje adangokhala poyambira. Pansi pake padali njala ya malo, thangata ndi mkwiyo wa anthu pa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe chinkakhazikitsidwa chaka chomwecho. Koma chakuti bodza lotere lidakhulupiriridwa msanga chikusonyeza kuti panalibe liwu la kampani limene anthu a m'midzi ankalidalira. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mbiri ya tiyi idali yowala kunja kwa dziko, pomwe pakhomo idali itafumbwa.

Huxley sadali ku Mangunda, ndipo sangasenzetsedwe mlandu wa zimene eni maesiteti ankachita. Komabe ntchito imene adaimanga idali ndi malire amene iye sadawadumphe: inkayang'ana kumene kukuchokera ndalama, osati kumene kukuchokera thukuta.

Ufumu ukutha

Nkhondo itatha, dziko limene Huxley ankalidziwa lidayamba kusungunuka. India adalandira ufulu mu 1947, Ceylon mu 1948, ndipo Indonesia naye adachoka m'manja mwa Adatchi. Maboma atsopanowa sadafune kuti tiyi wawo azitamandidwa mopanda dzina kuchokera ku ofesi ya ku London. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 India adatuluka m'bungwe lija, ndipo dziko lililonse lidayamba kukweza mbendera yake pamsika.

Banja la Huxley lidakhudzana ndi dziko lino mwa njira inanso. Mu 1960 Elspeth adali mmodzi wa mamembala a komiti ya Lord Monckton yomwe idatumidwa kudzamva maganizo a anthu pa tsogolo la Chitaganya. Chipani cha Malawi Congress Party chidauza anthu kuti asakaonekere pamaso pa komitiyo, komabe lipoti lake lidavomereza kuti anthu akuda ankadana nacho Chitaganyacho kwambiri. Chaka chomwecho boma la Sir Roy Welensky lidalemba ntchito kampani ya ku London yosamala mbiri, Voice and Vision, yomwe inkatenga aphungu a Nyumba ya Malamulo ya Britain kudzawaonetsa zokoma za Chitaganya. Ndalama zidapita, koma Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963. Thangata adali atathetsedwa kale mu 1962. Palibe katswiri wa mawu amene akadatha kugulitsa boma limene olamulidwa adali atalikana.

Huxley adathera zaka zake zomaliza m'mudzi wa Oaksey ku Wiltshire, komwe ankakhala ndi mkazi wake ndi mwana wawo Charles, wobadwa mu 1944. Adatembenukira ku zolemba. Mu 1956 adatulutsa buku lonena za tiyi lotchedwa Talking of Tea, kenaka mabuku a mbiri za anthu akale a ku Mangalande, ndipo mu 1970 adasindikiza mbiri ya moyo wake, Both Hands. Adamwalira chaka chotsatira. Elspeth adakhala ndi moyo mpaka 1997, ndipo okushoni ya tiyi ya ku London, yomwe idali likulu la malonda onsewa kwa zaka pafupifupi 300, idatsekedwa kotheratu mu 1998.

Ntchito idasintha nkhope

Huxley atati adzuke lero, zida zina za ntchito yake angazizindikire: chithunzi chokongola, filimu yaifupi, ulendo wa atolankhani wokaona fakitale. Chimene chingamudabwitse nchakuti wogula wa ku Ulaya tsopano amafunsa za wothyola. Zizindikiro za Fairtrade ndi Rainforest Alliance papaketi ya tiyi zimatanthauza kuti ofufuza amafika pa esiteti kudzaona malipiro, nyumba ndi chitetezo cha antchito. Mu 2015 bungwe la Tea Association of Malawi, pamodzi ndi makampani ogula tiyi ndi mabungwe monga Oxfam ndi Ethical Tea Partnership, lidayamba ndondomeko ya Malawi Tea 2020 yofuna kukweza malipiro kuti afike pokwanira kusamala banja. Mu 2016 eni maesiteti adasainirana koyamba mgwirizano wa malipiro ndi bungwe la antchito la Plantation and Agricultural Workers Union.

Madandaulo a m'munda nawo sathera pachipata cha esiteti. Amayi 36 a kuno adasumira kukhoti la ku London kampani ya Camellia, yomwe ndi mwini wa Eastern Produce Malawi, ponena kuti adachitidwa nkhanza zogonana pantchito. Mu 2021 nkhaniyo idatha mwa kukambirana, kampaniyo idavomera kulipira mapaundi 2.3 miliyoni popanda kuvomera mlandu, ndipo idalonjeza njira zatsopano zotetezera amayi ndi kulandirira madandaulo. Nkhani ya malo nayo sidazime ku Thyolo ndi Mulanje, ndipo imabukabe nthawi ndi nthawi. Mphekesera imene mu 1953 inkayenda wapansi kuchoka mudzi wina kupita wina, lero imafika ku Lilongwe ndi London pa WhatsApp dzuwa lisadalowe.

Chifukwa cha zimenezi, mneneri wa kampani salinso munthu wongolemba chikalata cha kwa atolankhani ndi kukonza mwambo wopereka mabuku kusukulu. Amayenera kukhala pansi ndi mafumu, atsogoleri a antchito, alimi ang'onoang'ono ogulitsa tiyi wawo ku fakitale, akhansala ndi ogula akunja, ndipo zimene wamva azikazifikitsa kwa mabwana ake ngakhale zitakhala zowawa. Achinyamata amene akuphunzira ntchitoyi m'mayunivesite athu, ndi akatswiri a m'bungwe la Public Relations Society of Malawi, akulowa m'ntchito imene theka lake ndi kumvetsera.

Huxley adatsimikiza kuti mbiri ya katundu ndi chuma chofanana ndi fakitale kapena munda, ndipo iyenera kulimidwa mwadala. Pamenepo adalondola, ndipo maesiteti a ku Thyolo adapindula nazo. Chimene iye ndi a m'badwo wake sadawerengere nchakuti mbiri imeneyo ili ndi eni ake ena: mayi wa ku Goliati amene amapita pasikelo madzulo kukayeza dengu lake, ndi mfumu imene mudzi wake umathera pomwe mizere ya tiyi ikuyambira. Kampani imene anthu amenewa saikhulupirira ilibe mbiri yoti nkugulitsa kunja.